Binti akutsanzika, koma tikiti alibe

Aphungu,

Ndikulemba ndili mu tekisi yochokera ku Kempton Park, ndiye mukaona mawu ena apotoka mudziwe kuti ndi mabampu. Ndine mayi wa ku Thyolo, koma ndakhalitsa kuno ku Vosloorus moti ana anga kumudzi anayamba kunditchula kuti amayi a pafoni. Ndimagwira ntchito pamalo ochapira nsalu za m'mahotela pafupi ndi bwalo la ndege. Tsiku lonse ndimakhala chiimire, kusita nsalu zogonera anthu amene sindidzawaona n'komwe. Pofika pakhomo miyendo imakhala ngati ndabwereka kwa munthu wina. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe kuti wokulemberaniyu ndi munthu wotopa, ndipo mwina n'chifukwa chake zinthu ndaziona mochedwa.

Loweruka masana, pa holo ina kuno, pamachitika maphunziro a achinyamata okhudza nkhawa ndi umoyo wa m'maganizo. Amayendetsa ndi mtsikana wa konkuno, Sisi Patience, wa kabungwe kena kakang'ono. Kumabwera ana a sukulu, ena osowa ntchito, ena ongotsata tiyi ndi buledi. Atayamba kubwera ana achimalawi ongofika kumene, osamva Chizulu kapena Chingerezi chothamanga, Sisi Patience anapempha munthu womasulira. Amayi a kutchalitchi analoza ine, ati pakamwa panga sipatseka. Ndinavomera chifukwa cha manyazi basi. Kunena zoona, masiku ambiri ndimamasulira ngati paipi, mawu kulowa uku n'kutulukira uku, maganizo ali pa zovala zanga zomwe sindinachape.

Lamulo la mu holomo timalibwereza tonse tisanayambe: zolankhulidwa muno zithere muno.

Mmodzi mwa anawo ndi mtsikana wa ku Machinga, ndingomutchula kuti Binti. Sanakwanitse zaka makumi awiri. Amakhala yadi yoyandikana ndi yathu, m'kachipinda ka kuseri, pamodzi ndi achimwene ake a Gaffar, akazi awo ndi ana awiri. Kuti afike kuno, mayi ake anapinyolitsa dimba. Anapeza ntchito ya m'nyumba ku Boksburg, koma sanakhalitse, madamu atafunsa mapepala ntchito inathera pomwepo. Chichokereni kumeneko amangokhala m'kachipindako kulera ana a achimwene ake, akamva galimoto ya apolisi mtima uli m'mwamba. Kumudzi sadziwa kuti ntchito inatha. Lamulungu lililonse ankabwereka bulauzi kwa anzake, n'kukajambulitsa pa molo, pamashopu akuluakulu paja, n'kutumiza chithunzi. Tonse timachita zimenezi, Aphungu, musamuweruze.

Tsiku lina Sisi Patience anabweretsa miyala ndi matumba. Aliyense amatola mwala, n'kuutchula dzina la chomwe chikumulemera, n'kuuponya m'thumba, kenako n'kuzungulira holo atalinyamula. Anyamata anasandutsa masewera. Binti anadzaza thumba lake osatchula mwala ndi umodzi womwe. Pobwerera tinayenda limodzi, ndipo titafika pa shopu ya pakona anandigwira dzanja nati, "Anti, zija za zithere muno zimagwiranso panja?" Ndinati eya. Ndiye anati, "Ine ndikanakhala kulibe, aliyense akanapepukidwa. Achimwene, alamu, amayi, onse." Ndinamuyankha zomwe mayi aliyense akanayankha, kuti asalankhule choncho, Mulungu ndi wamkulu, ntchito ipezeka. Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu, ine n'kulumbira. Ndinafika kunyumba, ndinaphika, ndinagona.

Masabata otsatira anangoti zii. Anaonda, mpango unayamba kumukulira nkhope. Kenako mwadzidzidzi, sabata yathayi, Binti anasintha. Akuseka, akupereka moni patali, wachapa makatani a alamu ake osatumidwa. Amayi a payadi anayamba kundiyamikira ine, ati maphunziro anu aja ndi amphamvu, mwana wachira. Inenso mtima unakhala pansi.

Binti anayamba kuyenda khomo ndi khomo. Kwa Mayi Sabina, ogulitsa mandasi, anabweza poto yemwe anabwereka kalekale, atamukwecha mpaka kuwala, nati, "Zikomo pa zonse, pomwe ndinakulakwirani mundikhululukire." Kwa wina anabweza chaja, kwa wina anasiya ndolo zake. Inu mukudziwa mmene tilili ife a ku Joni. Munthu akayamba kubweza zobwereka ndi kutsanzika, sitifunsa zambiri, timadziwa kuti akupita kumudzi, ndipo chomwe timaganiza ndi katundu. Mayi Sabina anangolemba pa gulupu ya WhatsApp kuti Binti akutsika kumapeto a mwezi, amene ali ndi kotumiza afulumire. Dzuwa lisanalowe anthu anayamba kufika. Wina bulangete la agogo ake ku Liwonde, wina mafuta ophikira, wina foni yakale ya mkazi wake ku Balaka, aliyense ndi mawu omwewo: "Ukandiperekereko, mwana wanga." Binti sakana. Amalandira ndi manja awiri, n'kulowetsa pansi pa bedi.

Inenso ndinapita, Aphungu. Ndinatenga yunifolomu ya mwana wanga wa ku sekondale, nditaikulunga bwinobwino m'pulasitiki. Analandira, kenako anatulutsa nsapato zake zoyera, zomwe amavala pojambulitsa, zokhazo zabwino zomwe ali nazo. Anati, "Izi ndi zanu, Anti, mudzapatse mwana wanu wamkazi." Ndinati nanga iwe ukatsika basi utavala chiyani, anthu akakuone bwanji kuti wachokera ku Joni? Anangomwetulira nati sazifunanso. Mphatso sakana, ndiye ndinalandira n'kuthokoza.

Dzulo m'mawa pa renki ya matekisi ndinakumana ndi a Gaffar akuchokera kuntchito kwawo kwa ulonda. Pongocheza ndinafunsa kuti mlongo wawo akwera ndi thiransipota uti, poti ndimafuna kudziwa ngati adutsire ku Mwanza kapena ku Dedza. Anandiyang'ana modabwa. Anati, "Ine ndimayesa ndi inu amayi a ku holo mwamukonzera ulendo. Akazi anga anandiuza choncho." Ndinati ayi, ife sitinakonze kanthu. Anaseka pang'ono, nati ndiye kuti pali mnyamata amene walipira, ana a masiku ano. Anakwera tekisi yawo n'kumapita kukagona.

Ine tsiku lonse simbi ili m'manja, mutu uli kwina, mpaka ndinawaula pilo. Ndafunsa mathiransipota onse amene ndimawadziwa, palibe amene ali ndi dzina lake. Chikwama sanagule. Tsitsi sanaluke, mphatso ya mayi ake sanagule ngakhale sopo, ndipo ndani amapita kumudzi chimanjamanja atagawa nsapato? Pamenepo ndi pomwe ndinakumbukira kuti tsiku lina mu holo muja Sisi Patience anaphunzitsa zizindikiro za munthu amene akuganiza zodzichotsera moyo. Kugawa zinthu zake, kutsanzika, kukhala phee mwadzidzidzi atavutika nthawi yaitali. Mawu amenewo anadutsa pakamwa panga pomwe, ndine ndinawamasulira, koma sanandikhale m'mutu mpaka dzulo.

Tsopano ndili ndi mantha, ndipo mbali iliyonse yomwe ndingatembenukire pali minga. Ndikauza Sisi Patience ndaphwanya lumbiro, komanso iyeyo aitana a boma oona za chisamaliro cha anthu, afunsa mapepala, ndipo m'kachipinda muja palibe amene mapepala ake ali bwino. Akagwidwa, dzina langa payadi lidzakhala kazitape mpaka kufa. Ndikauza a Gaffar, akazi awo amva, akamva akazi awo gulupu yonse yamva, ndipo mawa nkhani ili ku Machinga. Ndikamufunsa mwini wake, bwanji ngati sanaganizeko, ine n'kukhala womupatsa nzeru yoipa? Komanso ine si m'bale wake, sitipemphera kumodzi, ndine mayi wapayadi chabe. Mwina ndikungoona mizukwa chifukwa cha kutopa.

Ndatopa, Aphungu. Ndinavomera kumasulira mawu, sindinavomere kusenza moyo wa mwana wa eni ake. Nthawi zina ndimalakalaka ndikanangokana tsiku lomwe anandiloza lija. Koma nsapato zili apa m'chikwama changa, ndikulephera kuzisiya kunyumba, ndikulepheranso kuziyang'ana. Mwezi ukutha Lachisanu. Nditani?

E.M., Vosloorus

Mayi E.M.,

Kalata yanu sindinaiike pamzere. Nditangoiwerenga ndinakuimbirani, ndipo zomwe ndinakuuzani pafoni ndikuzilembanso pano, maina atasinthidwa, chifukwa mayadi a ku Joni ali ndi a Binti ambiri.

Simukuona mizukwa. Mwana amene ananena kuti anthu akanapepukidwa iye kulibe, kenako n'kuyamba kugawa zake ndi kupepesa khomo ndi khomo, tikiti alibe, ameneyo moyo wake uli pachiswe. Kuseka kwake kusakupusitseni. Nthawi zambiri munthu akamaliza kuganiza zoopsazi amaoneka wopepukidwa, chifukwa nkhondo ya mumtima waileka. Mwina tikulakwitsa tonse awiri, ndipo ngati tikulakwitsa mudzachita manyazi sabata imodzi basi. Kulakwitsa kwinako kulibe pobwerera. Choncho musadikire Lachisanu, musadikire Loweruka la ku holo. Mukatsika tekisi, musanavule n'komwe nsapato za kuntchito, pitani kwa Binti.

Mumutengere poduka mphepo, kwanu kuli bwino, ndipo mumufunse mosazungulira: "Binti, kodi ukuganiza zodzipha?" Mawuwo ndi olemera pakamwa pa Mmalawi, ndikudziwa, tinazolowera kuzungulira phiri. Koma kufunsa sikudzala maganizo amenewa mwa munthu. Amene alibe amangodabwa n'kukana, ndipo amene ali nawo nthawi zambiri amapuma, poona kuti pali mmodzi amene waona. Mukafunsa, khalani chete. Pakamwa panu paja akuti sipatseka, lero patseke. Musalalikire, musamuopseze ndi moto, ndipo koposa zonse musanene kuti "taganizira mayi ako ndi dimba lija." Umenewo ndiwo mwala waukulu m'thumba mwake, musamuwonjezere wina. Akakana, musangoti zikomo n'kumapita. Mufunseni kuti nanga akwera basi iti, ndipo mumuuze zomwe mwaona ndi maso anu.

Za lumbiro. Lamulo la mu holo lija lili ndi mchira womwe mwina sumatchulidwa mokweza: chinsinsi chimasungidwa pokhapokha ngati moyo suli pangozi. Kafunseni Sisi Patience, akakuuzani zomwezo. Koma musachite mobisa. Muuzeni Binti pamaso kuti, "Ndinalumbira, koma ichi sindisunga ndekha, tiyeni tiimbire Sisi Patience tili limodzi." Akwiya, mwina sadzakulankhulitsani mwezi wathunthu. Mulekeni akwiye, wokwiya ndi wamoyo.

Kuyambira pamenepo asakhale yekha. Agone kwanu, kapena wina amene iye amamukhulupirira akhale naye, ndipo mankhwala ndi china chilichonse choopsa chichoke pafupi. Tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake apite kukiliniki, Sisi Patience ali patsogolo, chifukwa iye ndi wa konkuno, amadziwa khomo logogoda ndi namwino wofunsa. Palinso nambala yaulere ya anthu amene ali m'maganizo otere, 0800 567 567. Imbani ngakhale inuyo, akuuzani chochita, ndipo ngati Chingerezi chimuvuta Binti, womasulira ndinu nomwe. Mukaona kuti zafika pothina, musafunse za kiliniki, thamangirani kuchipatala pa khomo la odwala mwadzidzidzi.

Za mapepala sindikunamizani. Malamulo a dziko lino amati munthu asakanizidwe chithandizo chadzidzidzi, ndipo ntchito ya namwino ndi kuchiza, koma tonse tikudziwa kuti masiku ano pazipata zina mlendo amavutitsidwa. N'chifukwa chake ndikuti musapite awiriwiri Amalawi okhaokha. Muuzeni Sisi Patience mantha anuwo mosabisa, kuti adziwe poyenda. Ndipo ngakhale zitavuta chotani, ikani zinthu ziwirizi pasikelo. Wobwezedwa kumudzi amatsika basi ndi miyendo yake, mayi ake n'kumukumbatira.

A Gaffar ayenera kudziwa, koma auzidwe ali okha, atagona mokwanira, osati pa renki, ndipo makamaka Binti atavomera mawu amene muwauze. Bambo amenewo si oipa, ndi otopa ngati inu, n'chifukwa chake anathawira ku nthabwala ya mnyamata. Muwauze kuti nkhaniyi ikafika pa gulupu, mlongo wawo ndi amene avulale. Kenako pali ntchito imodzi yomwe ndi yawo okha: aimbire mayi awo kumudzi, anene kuti ntchito ya Binti inatha kalekale, si kulakwa kwake, ndipo za dimba azikambirana akuluakulu. Mwana wasenza bodza limeneli yekha Lamulungu lililonse atavala bulauzi yobwereka. Akuluakulu amulandire. Ngati pali shehe kapena mayi wa kumzikiti amene Binti amamasuka naye, abwere, koma asankhe ndi iye, ndipo mapemphero ayende pamodzi ndi kiliniki, asalowe m'malo mwake.

Zoti si m'bale wanu, musandiuzenso. Payadi ponse, mu holo monse, anagwira dzanja la ndani pa shopu paja? Sanasankhe wachibale kapena wopemphera naye, anasankha inu. Ndipo musadzimenye chifukwa cha zomwe munamuyankha tsikulo, kapena chifukwa cha yunifolomu. Payadi ponse panabwera ndi mapulasitiki, amene anafunsa za thiransipota ndinu nokha.

Katundu uja achoke pansi pa bedi. Musamusiyire Binti ntchito imeneyi, ingamuchititse manyazi ena. Inu ndi a Gaffar mubweze phukusi lililonse kwa mwini wake, ndi mawu awiri okha: ulendo walephereka. Mayi Sabina akafunsa chifukwa, bwerezani mawu omwewo, n'kugula mandasi, n'kumapita.

Kutopa kwanu ndakumva, ndipo n'koona. Mutu umodzi susenza denga. Simukuyenera kukhala dokotala wake, mlonda wake ndi mayi ake nthawi imodzi, uku mukusita nsalu za mahotela. Ntchito yanu ndi kumufikitsa m'manja mwa odziwa, kenako mugawane masiku ndi anthu awiri kapena atatu odalirika. Mumuuzenso Sisi Patience kuti womasulira si paipi. Zomwe ana aja amalankhula zimadutsa mwa inu ndipo zina zimatsalira, choncho nanunso mukufunika pokhala pansi n'kutula. Ngati kabungweko sikanaganizepo zimenezi, kayambe ndi inu.

Chenjezo langa ndi ili. Akapita kukiliniki kamodzi n'kuyamba kudya, musati zatha. Masabata otsatira ndi ofunika maso kuposa oyamba. Komanso pasapezeke wanzeru wonena kuti mungomukweza basi akapume kumudzi. Kumudzi akhoza kudzapita, koma atachira, atafuna yekha, ndipo kumeneko atadziwa zoona, osati kutumizidwa ngati phukusi lina.

Ife a ku Joni tili ndi luso limodzi lomwe mitundu ina imatisirira. Mnzathu akamwalira, tsiku limodzi silitha tisanasonkhe za bokosi ndi galimoto yopita nalo kumudzi. Pamenepo palibe wotopa, palibe woopa mapepala. Binti akufuna zochepa kuposa pamenepo, ndipo akuzifuna lero.

Nsapato zija mukamubwezere. Mumuuze kuti mwana wanu sizimukwana, ndipo azivale Loweruka, mudzamutenga pakhomo popita ku holo.

Aphungu